Timangire ana kanyumba ka jinja pa Khirisimasi

Amayi anzanga, Disembala ndi mwezi wolemetsa kwa ife a kumudzi. Mvula yagwa, kumunda kukufunika kupalira, kandalama konse kathera ku feteleza, ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi. Koma mwana sadziwa zonsezi. Iye angodziwa kuti Khirisimasi yafika ndipo ayang'ana kwa mayi wake. Sabata ino ndikufuna tikambirane za kanthu kamodzi kamene amayi angapo angasonkherane ndi kukondweretsa nako ana a mudzi wonse: kanyumba kodyedwa, komangidwa ndi mabisiketi a jinja.

Mwambo umenewu unachokera ku Germany, kumene mzinda wa Nuremberg umatchuka ndi makeke a uchi ndi zonunkhiritsa kuyambira kalekale. Unafala kwambiri pambuyo pa chaka cha 1812, pamene abale awiri a banja la Grimm anasindikiza nthano ya Hansel ndi Gretel, ana amene anatayidwa m'nkhalango m'chaka cha njala, napeza nyumba ya buledi ndi makeke. Ku Bergen, m'dziko la Norway, ana a sukulu akhala akumanga mzinda wathunthu wa tinyumba totere chaka ndi chaka kuyambira mu 1991. Azunguwo amapaka shuga woyera padenga pofanizira chipale chofewa cha kwawo. Ife tilibe chipale, choncho timange nyumba yonga zathu za ku Mitundu ndi ku Nathenje, yofolera ndi udzu, nkhokwe ili pambali.

Zofunika

Ufa wa tirigu makapu 3, majarini theka la kapu, shuga theka la kapu, uchi theka la kapu, dzira limodzi, jinja waufa masupuni a tiyi 2, soda theka la supuni ya tiyi, ndi kamchere pang'ono. Sinamoni supuni imodzi amakometsa ngati alipo. Sungani padera theka lina la kapu ya shuga lomatira makoma, komanso mtedza wokazinga ndi masiwiti ochepa okongoletsera. Mayi mmodzi zingamulemere, koma mutu umodzi susenza denga. Pagulu lathu wina amabweretsa dzira, wina mtedza, wina uchi, ndipo ufa timagula ndi ndalama ya m'thumba la gulu.

Kadulidwe ka makoma

Musanakhudze ufa, jambulani nyumbayo pa katoni ndi kudula zidutswa 6. Makoma awiri a m'mbali akhale masentimita 12 m'litali ndi 8 msinkhu. Khoma lakumaso ndi lakumbuyo likhale 8 m'lifupi, 8 msinkhu m'mbali mwake, koma pakati lisongoke kufika 12. Zidutswa ziwiri za denga zikhale 14 kwa 7, kuti denga litulukire pang'ono monga pakhonde. Yesani kuimika makatoniwo. Akakana kugwirizana, mabisiketinso adzakana.

Kaphikidwe kake

Sungunulani majarini, shuga ndi uchi pamoto wochepa, ndipo muphule zisanawire. Zikazizira, swerani dzira ndi kutakasa. Sefani ufa pamodzi ndi jinja, soda ndi mchere, kenaka thirani pang'onopang'ono uku mukukanda, kufikira mtanda utasiya kumata m'manja. Uvundikireni ndi kuusiya pamalo ozizira kwa ola limodzi. Musaonjezere soda poganiza kuti zikoma. Soda wambiri amatupitsa makoma ndi kuwakhotetsa.

Wazani ufa pathebulo, ndipo tambasulani mtandawo ndi botolo loyera mpaka ukhale wochindikala theka la sentimita. Ikani makatoni pamwamba ndi kudula ndi mpeni motsata m'mphepete. Boolani khomo ndi zenera tsopano, pakuti zikapsa sizidulika. Padenga lembani mizere ndi foloko kuti lioneke ngati udzu. Mtanda wotsala umbani kankhokwe, timbuzi ndi mabisiketi wamba. Amenewo ndiwo mudzatonthoze nawo ana kuti asayambe kuluma makoma.

Ambiri a ife tilibe uvuni, koma tonse tidziwa kuphika chikondamoyo, ndipo njira yake ndi yomweyo. Thirani mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, ikani mbale yachitsulo yopaka majarini pamwamba pa mchengawo, yalani zidutswa zanu, ndi kuvundikira ndi lata. Moto wambiri ukhale pamwamba, wochepa pansi. Pakatha mphindi 12 kapena 15 suzumirani. M'mphepete mukachita bulauni, zapsa. Zikadali zotentha, ikaninso katoni pamwamba ndi kuwongola m'mbali ndi mpeni. Zisiyeni zizizire zitagona pamalo osalala.

Pa nkhani ya moto ndili ndi pempho. Tonse tikuona njinga za makala zikutsika kuchokera ku Dzalanyama, ndipo tidziwa kuti mtsinje wa Lilongwe, umene anthu a mumzinda amamwa, umayambira m'nkhalango yomweyo. Zitsononkho zouma zimachita makala abwino okwanira ntchito imeneyi. Amene munasungako potonola chimanga, gwiritsani ntchito zimenezo.

Kamangidwe

Apa ndi pamene pafunika kudekha. Ikani shuga uja mu kapoto kouma pamoto wochepa, osathira madzi, kufikira atasungunuka ndi kuoneka ngati uchi. Viikani m'mphepete mwa khoma, ligundanitseni ndi linzake msanga, ndipo mugwire kwa mphindi imodzi. Mufunika kukhala awiri, wina kuviika, wina kugwira. Imikani makoma onse anayi pa thireyi, alimbe, ndipo denga libwere pomalizira. Shuga akauma mu poto, m'bwezereni pamoto. Chenjezo langa ndi ili: shuga wosungunuka amaotcha koposa madzi owira ndipo amakanirira pakhungu. Ana akhale patali, ndipo wakumsana mupatsire mnzanu. Ntchito ya ana ndi kusankha mtedza ndi masiwiti ndi kuloza pomata, koma womata akhale wamkulu.

Musabwereze kulakwa kwathu

Chaka choyamba tinamanga yathu masiku 5 Khirisimasi isanafike, tinaiika pathebulo kuti aliyense aione. Kunja mvula inali kugwa tsiku ndi tsiku. Uchi ndi shuga zimakoka chinyezi, choncho makoma anafewa, denga linaloweka m'kati, ndipo titalinyamula tinapeza mwadzaza nyerere. Chikomekome cha mkuyu chenicheni! Ana analira, ndipo ife amayi tinachita manyazi poganizira ufa ndi uchi zimene tinasonkha movutikira.

Chifukwa chake phikani zidutswa pa 23 kapena pa 24 Disembala, muzitsekere m'chitini chouma cha chivundikiro cholimba, ndipo mumange m'mawa wa tsiku lenilenilo. Thireyi muikhazike pa kapu yoimikidwa m'mbale ya madzi, kuti nyerere zisowe podzera. Mukabwerako ku tchalitchi ndi kudya mpunga, itanani ana onse, osaiwala amasiye ndi a m'makomo amene chaka chino sanathe kusonkha kanthu. Aloleni aione bwinobwino, kenaka agogo aphwanye denga ndi kugawa, kuyambira kwa wamng'ono.

Amene muyese, tilembereni kudzera pa tsamba lino kuti timve mmene yanu yaimira.