Buku lokhoma pa foni: kiyi amasunga ndani?

Mwana wa sukulu ku Chawama walandira buku pa WhatsApp kuchokera kwa msuweni wake wa ku UNZA. Wadinadina, koma buku silikutseguka. Anzake akuti foni ndi yakale, ena akuti bando yatha. Kawirikawiri vuto silikhala limenelo. Bukulo ndi lokhoma, ndipo kiyi wake sanabwere nalo.

Ofalitsa mabuku amaopa kuti kope limodzi lingazungulire Lusaka yense dzuwa lisanalowe, choncho amaikapo loko yotchedwa DRM. Kiyi wa lokoyo sakhala m'foni, amakhala pa akaunti ya munthu amene wagula kapena kubwereka bukulo. Buku logulidwa ku Amazon limatseguka mu pulogalamu ya Kindle mukalowa ndi akaunti yanu. Masitolo ena ndi malaibulale ambiri amagwiritsa ntchito loko ya Adobe: mumalandira kafayilo kothera ndi zilembo .acsm, komwe si buku ayi, koma chilolezo chokatengera buku. Mukakatsegula mu Adobe Digital Editions m'pamene buku lenileni limabwera, ndipo akaunti imodzi imaloledwa pa zipangizo zisanu ndi chimodzi.

Apa m'pamene ife a m'makomboni timagwa. Foni timasinthasintha: yabedwa m'minibasi, yagwera m'madzi nthawi ya mvula ku Kanyama, tagulitsa kuti tilipire lendi. Ndipo ambiri akaunti ya Google anatitsegulira ndi mnyamata wogulitsa mafoni, pasiwedi n'kutsala kwa iye. Foni ikapita, mabuku onse apita nayo, ngakhale munalipira. Tsegulani nokha imelo, lembani pasiwedi m'kope losungidwa kunyumba. Mukatero, foni yatsopano idzapeza mabuku anu ali pomwe munawasiya.

Kubwereka kuli ndi dongosolo lake. Laibulale sigula buku la pa foni ngati mmene imagulira la pepala, imalipira chilolezo. Nthawi zambiri chilolezo chimodzi chimalola wowerenga mmodzi pa nthawi, n'chifukwa chake mumauzidwa kuti mudikire pamzere ngakhale bukulo lilibe shelefu. Masiku anu akakwana, kaya 14 kaya 21, buku limadzitseka lokha, popanda chindapusa. Zilolezo zina zimathanso: kuyambira 2011, kampani ya HarperCollins imalola buku kubwerekedwa maulendo 26, kenako laibulale ilipirenso. Pulogalamu ya Libby, imene ambiri amaimva kutchuka, ndi yaulere kuika pa foni, koma imafuna nambala ya khadi la laibulale yomwe yalipira kampani ya OverDrive. Popanda khadilo mulibe chowerenga.

Ndiye wa ku Matero kapena ku George alowere pati? Wophunzira ku yunivesite ayambe ndi laibulale ya sukulu yake, poti malaibulale a m'Zambia ali ndi mgwirizano wa ZALICO wogulira limodzi mabuku ndi magazini a pa intaneti. Ena onse angatsegule akaunti yaulere ku Open Library ya Internet Archive, komwe mabuku ambiri amabwerekedwa kwa ola limodzi, n'kuwonjezera ngati palibe wodikira. Kumbukirani kuti kuwerenga koteroko kumadya bando, ndiponso mabuku oposa 500,000 anachotsedwako bungweli litagonja kwa ofalitsa m'khoti la ku America mu 2023 ndi pa apilo mu 2024. Alipo mabuku opanda loko n'komwe. African Storybook ili ndi nthano za ana m'Chinyanja, ndipo Project Gutenberg ili ndi mabuku akale oposa 70,000. Amenewa koperani pomwe pali Wi-Fi, mudzawerenge ngakhale netiweki palibe, bola batire ilipo malaiti akapita.

Za kuthyola loko, ndinene poyera: sindikugwirizana nazo. Lamulo la dziko lino loteteza olemba, la 1994, limasunga buku m'manja mwa mwini wake mpaka zaka 50 atamwalira, ndipo olemba athu amapeza kale zochepa.

Komabe zimandipweteka kuti buku la Namwali Serpell, The Old Drift, la mu 2019, lomwe mbali ina ya nkhani yake imachitikira ku Kalingalinga, munthu wa ku London angalibwereke pa foni usiku uno ndi khadi la laibulale, pamene mtsikana wa ku Kalingalinga komweko ayenera kufuna khadi la banki kuti aligule. Kusiyana kumeneku kumabwera ndi ndalama zolipirira zilolezo, ndipo ndalamazo ndi nkhani ya boma ndi khonsolo.

Zambia Library Service ilipo kuyambira 1962. Khonsolo ya Lusaka ili ndi laibulale m'tauni ndi nthambi ku Matero, Chilenje ndi Mtendere. Pitani mukalembetse, mukafunse woyang'anira ngati khadi lanu lingakutsegulireni mabuku pa foni. Mayina a ofunsa akachuluka m'kaundula, iye amakhala ndi popemphera bajeti. Thumba la boma la chitukuko la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstituwense iliyonse mu 2022, ndipo mapempho a ntchito za m'dera amayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Kumeneko makolo ndi aphunzitsi angapereke pempho lolembedwa lokhala ndi zinthu zitatu: Wi-Fi ndi sola pa laibulale yapafupi, matabuleti owerengera pomwepo, ndi ndalama za chaka ndi chaka zolipirira zilolezo za mabuku. Kope lina la pempholo lipite kwa akhansala.