Kukweza kutsogolo kwa pikiapu: zoyenera kudziwa wamalonda asanalipire makaniko

Mvula ikayamba, misewu yopita m'madera ogulako mbatatesi, tomato ndi kabichi ngati ku Tsangano imakumbika, ndipo eni mapikiapu ambiri amayamba kuganiza zovalika matayala aakulu kuti galimoto isamagunde pansi. Koma tayala lalikulu limakhula madigadi akutsogolo pokhota, choncho makaniko amalangiza kukweza kutsogolo kuti kufanane ndi kumbuyo. Ntchitoyi ili ndi phindu lake, komanso ili ndi mtengo womwe suoneka tsiku lolipira.

Choyamba, pikiapu ikakhala yopanda katundu imaoneka yoweramira kutsogolo, ndipo sikuti ndi chilema. Opanga anaikweza dala kumbuyo ndi masentimita angapo kuti ikasenza katundu, masipuling'i akumbuyo atsike, galimoto ikhale yowongoka. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi. Ngati kutsogolo kwakwezedwa kale, katundu wotereyu amakhazika galimoto chogwada kumbuyo, mphuno ili m'mwamba. Zikatero chiwongolero chimapepuka, matayala akutsogolo sagwira bwino msewu, ndipo nyali zimathobwa m'maso madalaivala obwera kutsogolo m'malo mounikira msewu. Wonyamuka mbandakucha kuthamangira msika ndiye amakumana nazo kwambiri.

Kakwezedwe kamatengera mtundu wa galimoto. Toyota Hilux yopangidwa kuyambira 2005 ili ndi sipuling'i yozungulira pamodzi ndi shock kutsogolo, ndipo amaika chitsulo chotchedwa spacer pamwamba pake. Chifukwa cha mmene mikono ya gudumu inakhalira, spacer ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri muyeso wakewo, choncho wogula asanyengedwe ndi kuchepa kwake. Nissan Hardbody ili ndi ndodo zachitsulo zopotoka, ma torsion bar, zomwe amazimanga ndi bawuti kuti kutsogolo kukwere. Land Cruiser 79 ili ndi ekiselo imodzi yolimba kutsogolo, ndipo amasintha masipuling'i kapena kuika spacer.

Pa Hilux ndi Hardbody, kukweza mopitirira mamilimita 50 kumayamba kudya ndalama. Ma ball joint amagwira ntchito atapendekeka, ndipo pa galimoto za 4x4 ma CV joint nawonso amapindika kuposa mmene anapangidwira, mpaka malabala ake kung'ambika msanga. Fumbi ndi matope zikalowamo, jointi imatha. Kumanga kwambiri ma torsion bar kumachititsanso galimoto kugunda mwamphamvu m'maenje, zomwe tomato ndi mazira sizipirira.

Chachiwiri, spacer siwonjezera mphamvu yonyamula katundu ngakhale kilogalamu imodzi. Malire a kulemera kwa galimoto ndi katundu wake, omwe analembedwa pa kachitsulo ka opanga, amakhala omwewo. Siikwezanso difu yakumbuyo, yomwe kawirikawiri ndiyo imagunda miyala. Chomwe chimakweza difu ndi tayala lokha, ndipo masamu ake ndi awa: tayala la 265/65R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 776, pomwe la 285/70R17 ndi mamilimita 831. Kusiyana ndi mamilimita 55, koma difu imakwera ndi theka lokha, osafika masentimita atatu.

Masentimita amenewa amalipiridwa tsiku ndi tsiku. Tayala lalikululo ndi lotalika ndi 7 peresenti, choncho injini imavutika kunyamuka ndi katundu, makamaka pachitunda, ndipo kilatchi imatha msanga. Ndi lolemeranso, motero mafuta amapita ambiri ndipo mabuleki amatenga mtunda wautali kuti aimitse galimoto. Wotchi ya liwiro imayambanso kunama: ikaloza 80, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 86, ndipo apolisi apamsewu samva zoti vuto ndi matayala. Makilomita nawonso amawerengedwa ochepa, kotero wolipiritsa hayala potengera wotchi amadzibera yekha makilomita 7 pa 100 aliwonse.

Kwa ambiri njira yapakati ndiyo yabwino. Tayala la 265/70R17 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 803, ndipo pa mapikiapu ambiri limalowa popanda kukweza kwambiri. Chofunika kuposa kukula ndi nambala ya kulemera yolembedwa m'mbali mwa tayala. Nambala 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 1,120, pomwe 121 ndi makilogalamu 1,450. Matayala olembedwa LT kapena C anapangidwira katundu, ndipo nthiti zake ndi zolimba pamiyala. Tayala lalikulu lokhala ndi nambala yotsika kuposa lakale ndi ngozi yogula ndi ndalama.

Woganiza zokweza ayambe wayesa yekha. Pamalo osalala, ayese kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi, kutsogolo ndi kumbuyo, galimoto ili yopanda kanthu. Kenako ayesenso itasenza katundu wamasiku onse. Ngati kumbuyo kukutsika mpaka kufanana ndi kutsogolo kapena kupitirira, kukweza kutsogolo kungowonjezera vuto. Ndalamayo ipite ku masipuling'i ndi ma shock akumbuyo.

Amene wasankhabe kukweza awerengere mtengo wonse, osati wa spacer yokha: matayala asanu kuphatikizapo la sipeya, alayinimenti tsiku lomwelo, ndi kutsitsa nyali. Popanda alayinimenti, tayala latsopano limadyeka mbali imodzi m'miyezi yochepa. Asanachoke pagalaja, apotoze chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, akuyenda chamtsogolo ndi chambuyo, kuti amve ngati tayala likukhula penapake. Ndi bwinonso kudziwitsa a inshuwalansi za kusinthaku.

Kukweza kutsogolo kumayenera galimoto yoyenda nthawi zambiri yopepuka m'misewu yoipa, monga ya wokasaka katundu kumidzi n'kudzatumiza lole. Koma pikiapu yomwe imabwerera yodzaza matumba tsiku lililonse inabadwa kale ndi msinkhu woyenera ntchito yake, ndipo mpamba umatetezeka poisiya momwemo.