Eyakoni ya Galimoto Ikasiya Kuziziritsa Bwino

Eyakoni ya galimoto imagwira ntchito pochotsa kutentha m'kati n'kukakutaya kunja. Wonyamula kutenthako ndi gasi amene amazungulira m'mapaipi otsekeka. Kompulesa, yomwe m'galimoto zambiri imapotedwa ndi lamba wochokera ku injini, imapanikiza gasiyo mpaka atatentha kwambiri, kenako amapita ku kondensa, chitsulo cha timapaipi chimene chimakhala kutsogolo kwa lediyeta. Mphepo ikawomba pamenepo, gasi amazirala n'kusanduka madzimadzi. Akadutsa pa kavavu kopapatiza, amalowa mu evaporator yobisika kuseri kwa dashibodi, mmene amasandukanso mpweya n'kumayamwa kutentha. Fani ya m'kati imauzira mphepo pa evaporator yozizirayo, ndipo mphepo imeneyi ndi imene imafika kwa okwera.

Chilichonse mwa zimenezi chikafooka, kuzizira kumachepa. Chomvetsa chisoni n'chakuti eni galimoto ambiri amathamangira kukawonjezera gasi asanafufuze. Gasi wa eyakoni satha pogwira ntchito ngati petulo. Akachepa kwambiri ndiye kuti pena pake pakudontha, ndipo nthawi zina vuto silikhala la gasi n'komwe.

Kufufuza kwabwino kumayambira pa zinthu zosafuna ndalama. Batani lozungulitsa mpweya wa m'kati likhale loyatsa, chifukwa kukoka mpweya wotentha wa kunja, monga wa ku Chikwawa kapena Nsanje mu Okutobala, kumalemetsa eyakoni. Kenako pamveke mphamvu ya mphepo. Ikamatuluka yozizira koma yofooka ngakhale fani ili pa liwiro lomaliza, choyamba kuchikayikira ndi fyuluta ya mpweya wa m'kati, yomwe m'galimoto zambiri za ku Japan imapezeka kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera. M'misewu ya fumbi fyulutayi imatsekeka msanga, ndipo kuisintha ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Kondensa nayo imadzaza fumbi, matope, tizilombo ndi njere za udzu. Imatsukidwa ndi madzi osathamanga kwambiri, poti timapiko take n'topyapyala ndipo timapindika mosavuta. Pali chizindikiro chimodzi chimene chimalozera kumeneku: eyakoni ikamaziziritsa galimoto ili pa liwiro koma n'kumafunda ikaima pa mzere wa magalimoto m'tauni, ndiye kuti kondensa sikulandira mphepo yokwanira. Kawirikawiri fani yake imakhala yafa, kapena fyuzi kapena relay yake yapsa. Kutsegula boneti injini ikulira ndi eyakoni yoyatsa kumaonetsa ngati faniyo ikuzungulira, bola manja ndi zovala zikhale kutali ndi malamba.

Pa nthawi yomweyo kompulesa imatha kuonedwa. Yokhala ndi kilatchi ya maginito imamveka kuti "thi" eyakoni ikayatsidwa, ndipo mbale ya kutsogolo kwake imayamba kuzungulira limodzi ndi pule. Ikapanda kugwira, chifukwa chingakhale fyuzi, waya woduka kapena kilatchi yakutha, koma nthawi zambiri ndi switchi yoteteza imene imadula magetsi gasi akachepa kwambiri. Switchiyi ili ndi ntchito yofunika: mafuta a kompulesa amayenda pamodzi ndi gasi, choncho kompulesa yozungulira yopanda gasi imalumana n'kufa. Amakaniko amene amalumikiza waya molambalala switchiyi kuti kasitomala amve kuti yayamba kugwira, amakhala akuwononga chipangizo chodula kwambiri pa eyakoni yonse. Kugwira n'kusiya kwa kilatchi mobwerezabwereza pa masekondi ochepa kumasonyezanso kuchepa kwa gasi.

Kudontha kumachitika m'malo odziwika: pa timphira ta m'molumikizira mapaipi, pa silo ya shafiti ya kompulesa, pa kondensa yobooledwa ndi timiyala, ndi pa evaporator yodyeka. Popeza gasi amatuluka ndi mafuta, malowo amaoneka onyowa ndi omata fumbi lakuda. Makaniko wodziwa ntchito amalumikiza mageji ku mbali zonse ziwiri, ya mphamvu yochepa ndi ya mphamvu yambiri, n'kusaka bowo ndi thovu la sopo, utoto wowala pa nyali yapadera, kapena popopamo nayitirojeni. Bowo likatsekedwa, pampu imayenera kukoka mpweya ndi chinyontho chonse kwa mphindi pafupifupi 30. Gawo limeneli ndi limene limadumphidwa kwambiri, chonsecho chinyontho chotsalira chimaundana pa kavavu kaja n'kutseka njira, komanso chimadya zitsulo m'kati. Mapaipi akakhala otsegula nthawi yaitali, kabotolo koyamwa chinyontho kasinthidwenso.

Gasi amathiridwa poyeza pa sikelo, osati mongoyerekeza. Kulemera koyenera ndi mtundu wake zimalembedwa pa kachikwangwani ka pansi pa boneti, ndipo galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna gasi wosafika kilogalamu imodzi. Wochulukitsa amachepetsa kuzizira n'kulemetsa kompulesa. Mitundu nayo sisakanizidwa. R12 wakale anasiyidwa potsatira pangano la Montreal la 1987 chifukwa chowononga ozoni, ndipo m'zaka za m'ma 1990 analowedwa m'malo ndi R134a, amene ali m'galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya kuno. Galimoto zatsopano za ku Ulaya kuyambira 2017 zimagwiritsa ntchito makamaka R1234yf. Eni galimoto za hybrid monga Toyota Prius ndi Aqua asamale koposa: kompulesa yake ndi ya magetsi amphamvu ndipo imafuna mafuta apadera osadutsa magetsi. Mafuta wamba a PAG angathe kuiwononga.

Nthawi zina gasi ndi kompulesa zimakhala bwinobwino koma mphepo n'kumatuluka yofunda. Apa kachitseko ka m'dashibodi kosakaniza mpweya wotentha ndi wozizira kamakhala kakanirira, kapena kamota kake kafa. Mphepo ikamachepa pang'onopang'ono pa ulendo wautali n'kubwerera eyakoni ikapumitsidwa, ndiye kuti evaporator ikuchita ayezi, ndipo sensa yake ya kutentha iyenera kuyezedwa. Koma madzi oyera odontha pansi pa galimoto si vuto. Ndi chinyontho cha mumpweya chimene chikutuluka pa kapaipi kake.

Eyakoni yosagwiritsidwa ntchito imawonongeka msanga, chifukwa timphira timauma mafuta akapanda kuyenda. Kuiyatsa mphindi 10 pa sabata, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, kumathandiza. Kumasula mapaipi kusiyidwe kwa amene ali ndi zida, poti R134a amawira pa madigiri pafupifupi 26 pansi pa ziro ndipo akagwera pakhungu kapena m'maso amavulaza. Mwini galimoto amene wauzidwa kuti gasi watha afunse kaye kuti watulukira pati, ndipo asalole kuthira wina bowolo lisanapezeke.