Nimu: Mtengo Wowawa Wosasowa Pakhomo



Ulendo uno tikambirane za nimu. Mtengowu kwawo ndi ku India, koma unakhazikika bwino m'madera otentha ngati Mangochi, Salima ndi Chikwawa. Mu Okutobala mitengo ina itayoyola masamba, nimu amakhala ali biriwiri chifukwa mizu yake imatsika pansi kwambiri kukafuna madzi.

Kafesedwe kake nkosavuta. Tolani zipatso zakupsa, zachikasu, chotsani mnofu, tsukani njerezo ndi kuziyanika pamthunzi. Musazisunge ayi. Njere ya nimu ikangokhala milungu yochepa imafa, ndiye fesani msangamsanga m'machubu. Mbande ikafika masentimita 30 ndipo mvula yakhazikika, okerani m'dzenje lothira manyowa. Nimu sagwirizana ndi malo odikha madzi, choncho kudambo iyayi. Mutalikirenso nyumba ndi chitsime chifukwa mizu yake imayenda patali.

Chaka choyamba ndicho chofuna maso. Tchingirani ndi minga kuopa mbuzi, palirani, ndipo m'chilimwe thirirani. Pothirira, madzi amene tachitira wudhu asamangotayika, alunjike kumtengoko. Ngati malo ndi ochepa, dulani nsonga ukafika pachifuwa. Umaphukira nthambi zambiri nkukhala chitsamba, masamba mumathyola osakwera.

Phindu lake nlotani? Kanthambi kanthete ndi mswaki wabwino tisanaswali. Masamba ouma timasakaniza ndi chimanga kapena nyemba kuti anankafumbwe achepe. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwala ake. Kudimba, sinjani masamba aawisi, viikani m'madzi usiku wonse, sefani, onjezerani sopo pang'ono, kenako poperani madzulo pa mpiru kapena kabichi. Zotsalira musakatsukire kunyanja kapena padamu la nsomba. Chomwe chapha nsabwe za m'masamba chikhoza kupwetekanso tiana ta nsomba.

Tsono apa timvetsetsane. Ambiri amamwa madzi a nimu thupi likatentha nkumati achiza malungo. Kuwawa sikuchiza. Malungo amafuna kuyezetsa magazi ndi kulandira mankhwala kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka kwa mwana. Kuchedwa masiku awiri mukudikira masamba kukhoza kutengetsa moyo. Makanda ndi amayi oyembekezera asamwe nimu, ndipo mafuta a njere zake ndi oopsa kwa ana. Moyo ndi amana imene Allah anatisungitsa, tidzafunsidwa za iwo.

Mtumiki Muhammad (SAW) anatiphunzitsa kuti wobzala mtengo amalembedwa sadaka nthawi iliyonse imene munthu, mbalame kapena nyama yapindula nawo. Dzinja lino khomo lililonse, mzikiti ndi madrasa zikhale ndi nimu wake, Insha Allah. Amene muli ndi mbande zambiri, bweretsaniko pa Juma tigawane.