Pogona pa khanda paulendo wa ku misonkhano

Nyengo ya misonkhano ikafika, azimai a ku Sasare ndi mipingo yozungulira amanyamuka ndi makanda kumsana kupita ku Petauke kapena ku Nyimba. Usiku timagona mothithikana m'calici kapena m'makalasi, ndipo munthu wamkulu wotopa angapsinje khanda osadziwa. Conco tipempha kuti mwana aliyense wosakwana caka akhale ndi pogona pakepake, pafupi ndi amai ake.

Ngati mugula kabedi kopinda, kaya m'sitolo kapena pa salaula, kayeseni musanalipire. Mukakatambasula, kasagwedere kapena kupindika kokha. Matiresi akhale olimba, osapendekeka, okwana ndendende, cifukwa nkhope ya mwana ikalowa mumpata wa m'mbali amalephera kupuma. Ngati kali ndi timitengo, mipata yake isapitirire masentimita 6, kuopa kuti mwana angapanikizike pakati.

Amene alibe ndalama asadandaule. Kwa khanda lomwe silinayambe kutembenuka, dengu lalikulu lolimba kapena katoni yaukhondo, moyalamo citenge cosakwinyika, zikwanira. Ikani pansi, osati pa benci.

Mwana agone cagada, popanda pilo, zidole kapena bulangete lolemera. Kuno kufupi ndi cigwa ca Luangwa malungo ndi oculuka, motero neti ya udzudzu imangidwe bwino, isamugwere kumaso. Mbaula ya malasha isalowe m'cipinda cogona, popeza mpweya wake umapha mwakacetecete.

Akulu a mpingo wolandira alendo, conde patulani malo a azimai oyamwitsa, kuti aliyense wobwera ndi mwana abwerere naye kwao ali bwino.