Chikomekome cha Mkuyu: Kusankha Chimkuzamawu pa Khonjeni

Mvula ikakhazikika m'boma la Thyolo, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, masamba a tiyi amaphuka mofulumira ndipo anthu othyola tiyi m'maesiteti amalandirako ndalama zooneka. Ndi pa nyengo imeneyi pamene amalonda a pa Khonjeni, malo amene anakula chifukwa cha njanji yochokera ku Limbe kudzera pa Luchenza kupita ku Nsanje, amayala zimkuzamawu ndi mahedifoni pa mabenchi awo, nazitsegula zonse pamodzi kotero kuti munthu wodutsa sangamve moni wa mnzake.

Makolo a anyamata amene amaunjikana pa mabenchiwa ankadziwa wailesi ya Nzeru, imene inkapangidwa mu mzinda wa Blantyre, ndiponso gumbagumba wa Supersonic wochokera ku Bulawayo. Katundu ameneyo anali wolemera, ndipo akawonongeka mmisiri ankatsegula kumbuyo ndi kumukonza. Wamakonoyu ambiri ndi wochokera ku China. Wina ndi wabwino ndithu, wina ndi wa masabata atatu okha, koma yense amabwera m'makatoni onyezimira mofanana. Chiyambire Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kugula chinthu kawiri kwasanduka chilango chimene banja la wothyola tiyi silingachipirire.

Bodza lalikulu lili pa katoni. Kachimkuzamawu kokwana m'dzanja kamalembedwa kuti kali ndi mawati 1,000, ndipo pambali pake pamakhala timalemba ting'onoting'ono toti PMPO. Mphunzitsi wa sayansi angathe kuliulula bodzali pa bolodi. Batire ya mavoti 3.7 ndi 1,200 mAh, yonga imene imapezeka m'tizimkuzamawu totere, imasunga mphamvu yokwanira kupereka mawati 4.4 kwa ola limodzi. Kachipangizoko kakanati katulutsedi mawati 1,000, batireyo ikanatha m'masekondi 16. Nambala yodalirika ndi imene ili ndi malemba oti RMS, chifukwa imanena za mphamvu imene chipangizo chimatulutsa mosalekeza. Mawati 5 kapena 10 a RMS amakwanira bwino lomwe m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo amene akufuna kusangalatsa anthu pa ukwati kapena pa chinkhoswe ndi bwino kungobwereka zida za tchalitchi kusiyana ndi kuthera malipiro a miyezi itatu pa chinthu chogwira ntchito kawiri pa chaka.

Wogula wanzeru amapita ku msika ndi nyimbo yake imene khutu lake linaizolowera, pa foni kapena pa memori khadi, popeza wamalonda amasankha nyimbo ya ng'oma zamphamvu imene imabisa zilema. Amayesanso mawu a munthu wowerenga nkhani pa MBC: ngati mawuwo akumveka ngati akuchokera mu mtsuko, chipangizocho sichidzathandiza ophunzira. Aphunzitsi amene anaona sukulu zikutsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro ena n'kumaperekedwa pa wailesi, akudziwa kufunika kwa mfundo imeneyi. Kenaka amakweza mawu pang'onopang'ono, namvetsera pamene ayambira kusasa ndi kunjenjemera. Pomaliza amachinyamula m'manja. Mawu amatuluka chifukwa cha maginito amene ali m'kati, ndipo maginito abwino amalemera; chimkuzamawu chachikulu koma chopepuka ngati chikho chouma chiyenera kusiyidwa pomwepo, ngakhale chitakhala ndi magetsi othwanima a mitundu isanu ndi iwiri. Magetsiwo sawonjezera kanthu pa nyimbo, amangodya batire, imene m'midzi yambiri yozungulira Khonjeni imatchajidwa ndi kasola kapena kwa mwini golosale pa mtengo.

Mahedifoni ali ndi nkhani yawoyawo. A nthambo ndi otsika mtengo, safuna kutchaja, ndipo pa mafoni ambiri nthamboyo ndiyo imagwira ntchito ya mlongoti wa wailesi ya FM. Amafa pa malo amodzi, pamene nthambo ilowera m'pulagi, choncho ndi pamenepo pofunika kuyang'anitsitsa. A Bluetooth otchipa batire yawo ikafooka sakonzeka, ndipo kamodzi kakagwera m'munda wa tiyi kanzake kamasanduka kamasiye.

Koma chimene chili pa ngozi kwenikweni ndi khutu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza mu 2015 kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi angathe kuwononga makutu awo chifukwa cha kumvetsera mokweza, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire madesibo 80 kwa maola 40 pa sabata. Mahedifoni osatseka bwino khutu amachititsa mnyamata kukweza mawu kuti agonjetse phokoso la chigayo kapena la njinga yamoto, ndipo timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Amene amamva kulira kwa nkhululu m'makutu atavula mahedifoni wapyola kale muyezo.

Chotsala ndi lisiti. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la mu 2003, komabe n'kovuta kudandaula popanda pepala. Sitolo yokhazikika ya pa Luchenza kapena ku Limbe, imene imalemba tsiku ndi kuvomera kusintha katundu wowonongeka, imaposa mnyamata woyenda ndi chikwama amene tsiku la msika wotsatira adzakhala ali ku Thekerani.