Kamakina komwe kakubwezera woimba besi mu situdiyo

Pa dansi anthu amaimba motsatira woimba wa patsogolo, koma chiuno chimamvera besi. N'chifukwa chake gulu lililonse loimba lodziwa ntchito yake silichita masewera posankha munthu wogwira gitala ya nsambo zinayiyi.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chilowereni makompyuta m'masitudiyo, besi ya nyimbo zambiri zomveka pa wailesi siichokeranso pa gitala. Wojambula nyimbo amangoiimba pa kiyibodi, apo ayi amachita kulemba manoti m'mapulogalamu monga FL Studio ndi Cubase, ntchito n'kutheka popanda kuitana munthu wina woti alipidwe.

Kupatula nkhani ya ndalama, pali mamvekedwe ena omwe gitala payokha siingatulutse. Chitsanzo ndi kugunda kwa log drum m'nyimbo za amapiano zochokera ku South Africa, komwe kumapangidwa m'kompyuta.

Izi zasiya woimba besi, yemwe zala zake zidauma ndi nsambo, pa mphambano: aphunzire kiyibodi ngati mwana woyamba sukulu, kapena azingodikira zoimbaimba za kumapeto kwa sabata.

Njira yachitatu ilipo. Ndi kamakina komwe pa Chingerezi amati bass-to-MIDI converter, komwe kamamvetsera zomwe gitala ya besi ikuimba n'kuzimasulira m'chiyankhulo chomwe kiyibodi ndi kompyuta zimamva.

MIDI n'chiyani?

MIDI ndi chiyankhulo chomwe zida zoimbira zamagetsi zimagwiritsa ntchito pouzana zochita. Idakhazikitsidwa m'chaka cha 1983 ndipo omwe adatsogolera ntchitoyi ndi Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ya ku America ndi Ikutaro Kakehashi yemwe adayambitsa kampani ya Roland ku Japan. Awiriwa adalandira mphoto ya Grammy m'chaka cha 2013 kaamba ka ntchitoyi.

Chofunika kumvetsa n'chakuti m'chingwe cha MIDI simudutsa mawu. Mumangodutsa malangizo: noti yakuti yayamba, yamenyedwa ndi mphamvu yakuti, tsopano yasiya. Noti iliyonse ili ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 127, ndipo nsambo yaikulu ya besi, ya E, ikalira yosagwidwa imakhala nambala 28.

Chida cholandira malangizowa ndicho chimasankha mawu. Motero woimba atha kukhudza nsambo ya gitala koma m'sipika n'kumveka limba, lipenga, chitoliro kapena besi yolemera ya synthesizer.

Pa kiyibodi izi n'zosavuta chifukwa batani lililonse lili ngati switchi ya magetsi. Ukangolidina, makina adziwa kale noti yomwe ukufuna. Nsambo ilibe switchi. Kamakina kaja kamayenera kumvetsera kaye kunjenjemera kwake, kenako n'kuwerengetsa kuti ndi noti yanji.

Zengerezu wa nsambo yaikulu

Apa ndiye pagona vuto lomwe lakhala likuzunguza mitu akatswiri kwa zaka zoposa 40.

Liwu likamatsika, nsambo imanjenjemera pang'onopang'ono. Nsambo ya E pa besi imapita ndi kubwera maulendo 41 pa sekondi imodzi, pomwe nsambo yaikulu ya gitala wamba imatero maulendo 82. Tikagawa sekondi m'magawo 1 000, omwe amatchedwa mamilisekondi, ulendo umodzi wa nsambo ya besiyi umatenga mamilisekondi 24. Pa besi ya nsambo zisanu, nsambo ya B imatenga mamilisekondi 32.

Kamakina sikangadziwe noti kasanamve ulendo umodzi wathunthu, ndipo nthawi zambiri kamafuna maulendo awiri kuti katsimikize. Apa ndiye kuti mamilisekondi pafupifupi 50 adutsa chala chitakhudza kale nsambo.

Papepala nthawiyi ikuoneka yochepa, koma khutu la woimba silinamizika. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho kuchedwa kotere kuli ngati kuimba sipika yako ili pa mtunda wa mamita 17. Pomwe ntchito ya besi ndi kuponda limodzi ndi ng'oma, kuchedwako kumachititsa nyimbo kuyenda ngati munthu wotsimphina.

Komanso nsambo ikangomenyedwa siyamba ndi liwu loyera. Pamayamba kamkokomo ka chala, ndipo pamwamba pa noti yeniyeniyo pamamvekanso timawu tina tokwera. Kamakina kakasokonezeka kamatumiza noti yolakwika kapena yokwera kuposa yomwe woimba amafuna.

Njira zinayi

Makampani ayesa kuthana ndi vutoli m'njira zosiyanasiyana.

Yapafupi ndi kabokosi kokwana m'dzanja, monga B2M ya kampani ya Sonuus ya ku Britain. Chingwe cha gitala chimalowa mbali ina, cha MIDI n'kutuluka mbali inayo, popanda kuboola kapena kumata kanthu pa gitala. Kuipa kwake n'kwakuti kamamva noti imodzi pa nthawi. Nsambo ziwiri zikalira pamodzi, kamabalalika.

Njira yachiwiri ndi ya Roland, yomwe idatulutsa GR-33B m'chaka cha 1980, MIDI isanabadwe, ndipo GR-77B idatsatira mu 1985. Pa njirayi gitala imaikidwa kotolera mawu kapadera, monga GK-3B, komwe kamamva nsambo iliyonse payokha n'kutumiza uthenga kudzera m'chingwe cha mapini 13 kupita ku makina monga GR-55 omwe adatuluka mu 2011. Apa nsambo zingapo zitha kulira pamodzi, koma nsambo yaikulu imachedwabe.

Yachitatu idachokera kwa Steve Chick wa ku Australia, yemwe adaona kuti kudikira nsambo kuti ilire ndiko kukuchedwetsa zinthu. Iye adalumikiza mawaya ku tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala, titagawidwa kuti nsambo iliyonse ikhale ndi kagawo kake. Nsambo ikangokhudza kachitsulo, makina amadziwa noti chala china chisanamenye n'komwe. Luso limeneli lidagwiritsidwa ntchito pa magitala a Wal komanso Midibase ndi Cyberbass a kampani ya Peavey m'zaka za m'ma 1990. Kuchedwa kumachepa kwambiri, koma pamafunika gitala yopangidwira ntchitoyi, ndipo tizitsulo ndi nsambo ziyenera kukhala zoyera nthawi zonse kuti magetsi azidutsa.

Yachinayi ndi pulogalamu ya pakompyuta, monga MIDI Bass ya kampani ya Jam Origin. Apa gitala imalumikizidwa ku kompyuta kudzera pa kabokosi kojambulira mawu komwe situdiyo iliyonse imakhala nako kale.

Zala ziphunzirenso

Woimba yemwe akukagwiritsa ntchito koyamba amadzidzimuka, chifukwa kamakina kamaulula zonse zomwe khutu limakhululuka. Kukhuta kwa chala pa nsambo, nsambo yomwe yasiyidwa ikulira, ngakhale kunyamula chala mwachangu, zonsezi zitha kutuluka ngati manoti osafunika.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woimba amayenera kumenya noti iliyonse momveka, mphamvu zofanana, n'kutontholetsa nsambo zomwe sizikugwira ntchito. Gitala ikhale yochunidwa bwino, ndipo zimathandiza kuchepetsa mawu okwera pa kabatani kake kuti noti yeniyeni imveke yokha.

Pali chinyengo china chomwe oimba amachita pofuna kuthawa kuchedwa. Amaimba chakumunsi kwa khosi la gitala, kufupi ndi thupi lake, komwe manoti ndi okwera, kenako n'kuuza synthesizer kuti iwatsitse. Noti ikakwera ndi okitevu imodzi, nsambo imanjenjemera mowirikiza kawiri ndipo nthawi yodikira imadulidwa pakati. Ena amafika poika nsambo zopyapyala pa gitala yonse.

Ngakhale zili choncho, si chamba chilichonse chomwe chimagwirizana ndi makinawa. Besi yothamanga ya sungura, yonga yomwe idatchukitsa Alick Macheso wa ku Zimbabwe, ili ndi manoti othinana, kutsetsereka kwa zala ndi timaluso tina tomwe MIDI imavutika kutilemba. Nyimbo zodekha, zomwe noti imapatsidwa mpata wopuma, ndizo zimayenda bwino.

Phindu lenileni lili pojambula

Pa siteji kuchedwa kulibe pobisala, ndipo oimba ambiri amasakaniza mawu enieni a gitala ndi a synthesizer kuti gitala iziyamba kugunda pa nthawi yake, enawo azingokometsera pambuyo.

Mu situdiyo nkhani ndi ina. Woimba amamvetsera mawu enieni a gitala yake pomwe kompyuta ikujambula zonse ziwiri, mawuwo ndi manoti a MIDI. Akamaliza, wojambula amangokokera manoti ochedwawo m'mbuyo pang'ono kuti agwirizane ndi ng'oma, n'kufufuta olakwika.

Kuchoka apo ntchito imapepuka. Woimba wa patsogolo akadandaula kuti nyimbo yamukwerera, manoti onse amatsitsidwa nthawi imodzi popanda kujambulanso. Mawu a besi atha kusinthidwa kangapo mpaka opezeka oyenera, ndipo manotiwo atha kusindikizidwa papepala kuti ena aphunzirirepo.

Masiku ano n'zothekanso kusandutsa besi yojambulidwa kale. Pulogalamu ya Ableton Live idayamba kuchita izi mu 2013, Melodyne ya kampani ya Celemony imachitanso, ndipo mu 2022 Spotify idatulutsa Basic Pitch yomwe ndi yaulere. Poti kompyuta imakhala ikuwerenga zojambulidwa kale, siithamangitsana ndi nthawi, choncho vuto la kudikira nsambo silikhalapo.

Kwa woimba wa kuno kumudzi, komwe zida zoterezi zimachita kuitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja, njira imeneyi ndiyo yoyambira. Ayese kaye ndi gitala yomwe ali nayo komanso kompyuta ya mu situdiyo asanataye ndalama pa kabokosi komwe mwina sikagwirizana ndi kaimbidwe kake.

Chomwe wojambula nyimbo amapindula n'chomwe sangachipeze polemba manoti ndi dzanja. Munthu yemwe wakhala zaka akuponda limodzi ndi ng'oma amadziwa pomwe noti iyenera kufupika, pomwe iyenera kukoka, ndi pomwe besi iyenera kukhala chete. Kamakina kangasinthe mawu a gitala kukhala chilichonse, koma nzeru zimenezi zimachokerabe m'zala za mwini wake.